Amuna Anga Anali Telala

Amuna anga anali telala pa khonde la sitolo ina pa boma la Mangochi. Makina awo osokera ndimathokoza nawo Mulungu mpaka lero, pakuti ndi amene anatichotsa kwathu ku Malindi n'kutilerera ana osagona ndi njala. Munthu akabwera ndi nsalu yake, iwo sankathamangira lumo ayi. Ankayamba amukhazika pa benchi, kumufunsa za kumudzi ndi za mvula, kenako n'kumuyeza m'mapewa ndi m'chiuno. Ankadziwa amene wanenepa chifukwa malonda a nsomba akuyenda, ndi amene waonda chifukwa kunyumba kulibe mtendere. Ikayandikira Khirisimasi kapena Idi, Akhirisitu ndi Asilamu ankapanikizana pa benchi imodzi, kulimbirana woyamba kusokeredwa.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anayamba kutsetsereka mapiri a ku Namwera, ena atavala ziguduli, ena ana ali maliseche. Ife amayi a kutchalitchi tinkawaphikira phala. Pambuyo pake kunabwera thandizo: ufa, nandolo, ndi mabelo a zovala zakale zochokera kunja. Mabelo amenewo sindingawanenere zoipa, Mulungu angandilange, chifukwa ndinaona ndi maso angawa mwana wonjenjemera atavekedwa juzi. Koma malaya si ndiwo. Ena ankagulitsa zovalazo kuti apeze mchere ndi usipa, ndipo amalonda ataona kuti zikuyenda, anayamba kubweretsa mabelo awoawo pa lole. Posakhalitsa msika wonse unali milu ya kaunjika.

Tsiku lina tikudutsa pamsikapo, amuna anga anaima n'kundigwira mkono.

"Mayi a ana, taonani uyo. Munthu wa ndevu zake, wagwada pansi kufukula mulu ngati nkhuku padzala. Malaya watolawo anasokeredwa munthu wina amene sadzamuona n'komwe."

"Komatu ndi otchipa, bambo," ndinatero.

Anangonditaya mkono n'kutsogola.

Ntchito sinathe yonse. Anthu ankabwerabe, koma ali chiimire: "Atelala, bwezani m'chiunomu." "Atelala, dulani miyendoyi, yatalika." Aponya buluku patebulo, ulendo. Chakudya tinkapeza ndithu, vuto linali mumtima mwawo. Anayamba kudana ndi zonse. Ankati anthu saperekanso moni, wailesi ikungosokosa, achinyamata akupalasa njinga ngati akuthawa moto, dziko lonse likuthamanga koma palibe akudziwa kolowera. Anayesako kupita kunyanja ndi mchimwene wawo ku Malindi, koma manja a singano sanagwirizane ndi zingwe za khoka.

Pa benchi panatsala munthu mmodzi yekha, bambo wina wothawa nkhondo, Myao wachisilamu, wogulitsa nkhuni. Akatula mtolo wake ankakhala pamenepo kucheza.

"Achimwene, mukulira chiyani inu?" ankatero. "Kwathu kuseri kwa mapiri uko anthu akuvala makungwa a mitengo. Mukafika ndi chitsulo chanuchi akakupatsani munda ndi akazi atatu."

"Ambuje, musandibere mwamuna!" ndinakalipa tsiku lina nditabweretsa chakudya cha masana.

"Ndani angabe nkhalamba yodandaula chonchi, amayi? Ndingakubwezereni mawa lomwe."

Tonse tinaseka. Ine ndinkayesa nthabwala chabe, osadziwa kuti mwa amuna anga mawuwo akumera mizu.

Mtendere utabwera, malole anayamba kubweza anthu kwawo. M'mawa wina ndinapeza amuna anga akumasula mutu wa makina patebulo lake, n'kuukulunga m'bulangete.

"Ndipita nawo anzangawa. Ndikapeza malo ndidzakutengani. Tikakhale kumene munthu akamufunabe telala."

"Nanga kuno talakwa chiyani, bambo? Ana akudya, akupita kusukulu."

"Simunalakwe, mayi. Koma ine kuno ndikufa ndili maso."

Ndikanawaletsa bwanji? Nkhope yawo inali itawala ngati masiku aja ankandifunsira mbeta. Ndinawakazingira chimanga ndi mtedza, tinagwada tonse pamphasa, ndinawapereka m'manja mwa Ambuye. Miyendo ya makina inatsala m'nyumba, tebulo lili ndi dzenje pakati. Ndinaphimbapo chitenje.

Dzinja lonse linadutsa popanda uthenga. Amayi anzanga a kutchalitchi anandigwira bwino, Mulungu awadalitse. Wina ankabwera ndi chinangwa, wina ndi nsomba, wina kungokhala nane kuimba nyimbo. Ine pemphero langa linali limodzi: Ambuye, mpatseni munthu wanu chimene akufunafuna, ngakhale ine sindikuchidziwa dzina.

Anabwerera nthawi yokolola, masana, ine ndikuyanika ufa. Mnzawo wa nkhuni uja ndiye anali kupalasa njinga, iwo ali kumbuyo atafukata bulangete lija, ataonda mpaka kolala ya malaya kulendewera.

"Amayi, ndakubwezerani katundu wanu," anatero mnzawoyo, koma ulendo uno palibe anaseka.

Ndinawapatsa madzi, ndipo mlendoyo ndiye anafotokoza. Anati poyamba anthu a kwawo anasangalala kuona makina, koma nsalu yoti asoketse analibe, pakuti masitolo onse anali mabwinja. Amuna anga ankangosoka zigamba ndi matumba, akudikira kuti anthu akolole agule nsalu. Chimanga chisanaume n'komwe, kunatulukira anyamata a ku Malawi kuno, mabelo atamanga panjinga. Anamasula pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse n'kuthamangira pamenepo.

"Anthu anga omwe aja ndinkawanyadira," anatero, akuyang'ana pansi. "Ngakhale ine ndinatolapo jekete, ndisaname."

Mmodzi wa anyamatawo anali mwana wa aneba athu. Ataona amuna anga anakuwa mosangalala: "Atelala, mwafika kuno? Sendezani makina pafupi, muzitibwezera m'chiuno!" Mwanayo sankanyoza, ankaona ngati akuwathandiza.

Mlendo atapita, ndinawafunsa ngati kuli kwina kumene akufuna kukayesa, kaya ku Makanjira kumene msewu ndi wovuta. Ndinali wokonzeka kupita nawo.

"Kulibe kwina, mayi," anatero. "Ndafika kumene msewu unathera. Kumenekonso ziliko."

Mutu wa makina unabwerera patebulo lake, koma kukhonde la sitolo sanapitenso. Mwana wathu wachisamba, amene anali atakula ndipo akufuna kukwatira, anawapempha kuti amuphunzitse kusoka kuti ntchito ya bambo ake isafe. Ine mtima unadumpha, ndinati mwina yankho la pemphero langa ndi limeneli. Koma iwo anati:

"Sindingakupatse khasu lopanda munda, mwana wanga."

Sabata yomweyo anaitana wamalonda wina, namupatsa makina onse, mutu ndi miyendo yomwe, kusinthana ndi belo limodzi la kaunjika. Belolo anapatsa mwanayo kuti akayambire malonda. Anamuthandizanso kulimanga panjinga, mfundo zake zolimba bwino.

Mwanayo malonda anamuyendera, anakwatira, anatisamala. Pa zimenezo ndimayamika Mulungu, sindingabise. Koma bambo ake anakhala zaka zawo zotsala kuseri kwa nyumba, osadwala, osakalipa, osadandaulanso za dziko. Lamulungu lililonse ndikavala kuti tipite kutchalitchi, ndinkawaitana.

"Pitani mukapemphere inu, mayi," ankatero mofatsa. "Ine ndilibe chopempha."