Letesi wa Tsinde wa pa Malire

Dzina loti Mayi Tsinde adamupatsa ndi alamu ake, ndipo silinali la chikondi. Linali lomunyoza, koma linamatirira mpaka ana ake omwe ankaliyankha pamsika.

Mwamuna wake asanamwalire, mayiyu ankatsuka mbale mu khitchini ya lesitilanti ina m'tauni. Kumeneko ndi kumene adaona koyamba wophika wamkulu akusenda chinthu chobiriwira, chachitali ngati mkono, n'kuchiduladula mopyapyala. Atafunsa, adauzidwa kuti ndi letesi, koma wa mtundu wina: amadya tsinde, masamba ndi ongoperekeza. Wophikayo ankadandaula kuti palibe mlimi wapafupi womulima, ndipo tsiku limene mayiyu ankasiya ntchito kuti akasamale dimba la malemu, adamupatsa kapepala ka mbewu.

Dimbalo linali la apongozi ake, amene adaligawa pakati kwa ana awo awiri aamuna, ngalande ya madzi n'kukhala malire. Mng'ono atamwalira, mkuluyo, alamu aja, adayamba kuyang'ana tsidya la ngalande ngati galu woyang'ana mphika. Apongozi adanena mawu amodzi okha: mkamwana wawo akhale nalo dimbalo malinga ngati akulilima bwino, koma akaligoneka, libwerere kwa mwana wawo wamoyo.

Pano tiyenera kunena mwachilungamo kuti alamu aja sanali mlimi wachabe. Letesi wamasamba ankamudziwa bwino, ndipo ankadziwa chimene mlimi aliyense wa letesi amadziwa, kuti akayamba kutalika n'kutulutsa tsinde ndiye kuti wapitirira, wawawa, ngwa nkhumba. Tsono ataona mabedi a Mayi Tsinde akukwera kupitirira bondo, mtima wawo udati mwaa. Choposa apo, ankamuona m'mawa uliwonse akuthothola masamba a m'munsi n'kuponyera nkhuku, kuti tsinde linenepe. Kwa iwo, uyu anali munthu wotaya ndiwo n'kusunga zinyalala.

Akadafunsa, mwina akadauzidwa. Koma awiriwa adasiyana mawu pa maliro pomwe, atakangana za njinga ya malemu, ndipo chiyambire pamenepo ankalankhulana kudzera mwa nkhuku ndi agalu. Alamu ankauza galu wawo mokweza kuti anthu otsuka mbale ayamba kulima ndodo zoyendera. Mayi Tsinde ankauza nkhuku zake kuti zidye msanga, pali ena maso awo ali pa mbale za eni. Kufotokoza ankakuona ngati kupempha, ndipo iye adalumbira kuti sadzawapemphanso kanthu, ngakhale moto.

Kunyada kumeneko kudamupweteka. Kutatsala pang'ono kuti adule, tsiku lina adapita m'tauni kukaonetsa wophika uja tsinde limodzi. Pobwera masana adapeza mabedi atatu mwa asanu ali pansi. Alamu adalowamo ndi chikwanje, matsinde adawaunjika padzuwa pafupi ndi khola la nkhumba zawo, ena nkhumba zitayamba kale kuwakukuta. Masamba a pamwamba adawasankha bwinobwino n'kuwaika mu dengu, ati kumupulumutsira zotsala. Apongozi anali atakhala pa chidebe chogubuduza, ataitanidwa kuti adzaone okha.

“Onani, amayi,” adatero alamu, osamuyang'ana iye. “Dimba la mng'ono wanga lasanduka tchire. Ndangomulambulira, mawa ndifesepo zanzeru.”

Mayi Tsinde adaima pa zitsa zija, utomoni woyera ukadali kutuluka ngati mkaka. Mawu ake adatuluka osalala.

“Alamu, chikwanje chanu n'chakuthwa. Mwina chofunika kunola pang'ono ndi mutu wanuwo.”

Adatola tsinde limodzi pa mulu uja, adatenga mpeni m'thumba, nayamba kusenda pamaso pawo. Adasenda mozama, chifukwa kuwawa kumakhala mu khungu ndi m'mitsempha yake, mpaka padatsala mtima wobiriwira wowala ngati galasi. Adadula kachidutswa n'kupereka kwa apongozi ndi manja awiri.

Apongozi sankamukonda mkamwanayu, ndipo izi sizinali zobisika. Adanunkhiza, adaluma ndi mano a m'mbali, adatafuna nthawi yaitali. Kenako adati n'zamadzimadzi, zopanda kukoma kwenikweni, zoyenera anthu a m'tauni amene amadya kuti aonedwe. Alamu adayamba kuseka. Koma apongozi adaloza mabedi awiri otsala aja ndi ndodo yawo: mizere yowongoka, pansi popanda udzu, manyowa atathiridwa, tsinde lililonse losadzulidwa mofanana.

“Munda wogonekedwa sukhala wometedwa chonchi,” adatero, natembenukira mwana wawo. “Iwe, mutu wako uli ndi imvi, ukulowa ndi chikwanje m'munda wa wamasiye? Dimba likhala momwe lilili. Ndipo nonsenu mwanditopetsa.”

Alamu sadapepese. Adanyamula chikwanje chawo n'kulumpha ngalande, akung'ung'udza kuti tiona ngati ndodozo zimamera popanda madzi. Matsinde amene nkhumba zidawasiya adali atafota, ena ang'ono ngati chala, ndipo wophika uja adangolandira a m'mabedi awiri okha, nachenjeza kuti akadzachepanso chonchi adzafuna mlimi wina.

Kuyambira nthawi imeneyo, madzi a mu ngalande amafika mochedwa ku mbali ya Mayi Tsinde, chifukwa alamu amatseka kumtunda ndi chibuma mpaka dzuwa litakwera. Iye sadandaula kwa apongozi. Amanyamula makheni awiri kuchokera kumtsinje, mapewa adachita zikang'a, ndipo letesiyu ndi wa ludzu: akasowa madzi tsinde limang'aluka kapena kuchita mphako.

Chaka chino mbande zake waziwokera mu ngalande mwenimweni, mzere wautali motsata malire, kum'mawa kwa nazale ya alamu. Akafunsidwa amati pamenepo ndi pa chinyontho, ndipo n'zoona. N'zoonanso kuti matsindewo akafika m'chiuno, mthunzi wake umagwera pa nazale ija m'mawa wonse, mbande za alamu n'kumatalika zowonda, zotuwa, zikusakasaka dzuwa. Alamu amaima tsidya lija chikwanje chili m'manja, akuyang'ana. Mayi Tsinde amapitiriza kuthothola masamba a m'munsi, akuuza nkhuku zake kuti letesi wa anthu ena chaka chino wayamba kutalika msanga.