Achimwene Anakwera Kabwato Atavala Jombo

Mwaswera bwanji nonse. Kuno sikuli bwino.

Andiimbira foni akunyanja masana ano. Achimwene anga a Yohane, amene anasiya kulima kachewere kuno ku Kandeu n'kukayamba ntchito yoperekeza alendo, sakuoneka. M'mawa anatenga mzungu pa kabwato kopalasa kuti akaone mvuu, ndiye mvuu ina yawagubuduza. Mzunguyo amuvuula ali moyo.

Chikundiwawa n'chakuti anakwera atavala jombo zawo zakudimba zija. Anzawo anawauza kuti avule, iwo n'kukana, amvekere sangaonetse zikang'a pamaso pa mlendo. Jombotu ikadzaza madzi imasanduka mwala. Yapezeka imodzi yokha m'bango.

Amayi ali pakhondepa, akundifunsa kuti chachitika n'chiyani. Abale, ndiwauze lero, kapena tidikire ipezeke jombo inayo?