Nantchengwa wa pa Thabwa la Mudathir

Ku Meluluca, boti lililonse lokhala ndi dzina looneka bwino linadutsa m'manja mwa Mudathir. Ndiye amalemba mayina ndi kujambula maluwa pa maboti, ndipo zala zake sindinazionepo zopanda penti, ngakhale tsiku la Idi. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi nthenda imodzi: nthabwala ikamufika pakamwa sangaimeze, ngakhale ikhale yootcha.

Chaka china mwera unavuta, asodzi anangokhala kumtunda, ntchito ya penti n'kuima. Mudathir anatola thabwa la boti lotha ntchito, nalipala, n'kuyamba kupanga masewera a mbalame. Anajambula njira yokhotakhota yochokera kuphiri kukafika kunyanja, naigawa m'tizipinda, ndipo wosewera aliyense ankayendetsa kachitsekerero ka botolo. Poyamba anasema dayisi, koma akuluakulu akumzikiti atangoiona anati imeneyo ndi juga. Ndiye anatenga njere za bwemba nazipala mbali imodzi. Ukaziponya, zimene zaonetsa koyera ndizo zimakuuza tizipinda toyenda.

Mbalame iliyonse inali ndi lamulo lake. Ukagwera pa mphipi umamira n'kukatulukira kutsogolo. Pa khwangwala umabera mnzako mwayi woponya. Nkhwazi ndiyo inamuvutitsa: woigwera ankangouluka mpaka kunyanja, masewera n'kutha anthu asanakhazikike n'komwe, moti anachita kuidula mapiko. Kakowa anamufufuta kangapo chifukwa ankangotuluka ngati nkhuku yachitopa.

Vuto linabwera ndi nantchengwa, mbalame ija yomanga chisa chachikulu ngati nkhokwe, yotola chilichonse chimene yapeza. Mudathir satha kujambula chamoyo popanda kuganizira munthu wina wake. Nantchengwa wakeyo anamuveka kofia yopendekera kumanzere, kukamwa atanyamula chidutswa cha lata. Lamulo lake linali lakuti ukagwera pamenepo uzingomanga, anzako akudutsa, mpaka njere zonse zigwe zoyera, chinthu chosachitikachitika.

Mudzi wonse unaidziwa kofia imeneyo. Inali ya a Jafari, mkulu wake wa Mudathir, bere limodzi. A Jafari anali ndi nyumba ya njerwa imene inaima pa mawindo. Anaiyamba ndi akazi awo, a Somoe, iwo akuumba njerwa, mayiwo akutunga madzi. A Somoe atamwalira khoma silinakwerenso, koma a Jafari sanasiye kutola. Lata lakale, mtengo wobwera ndi mafunde, msomali wopindika, zonse ankakaunjika pakhomo. Mudathir ankazidziwa bwino zimenezi, poti maliro a alamu akewo ananyamula nawo. Kungoti nthabwalayo inali yokoma.

Masewerawo anatchuka. Anthu anawakopera pa makatoni, ena pamchenga, ndipo akuti anafika mpaka ku Nkholongue. A Jafari akamadutsa pagombe ndi thabwa paphewa, wina ankalira ngati nantchengwa kuseri kwa ukonde, enawo n'kumafa ndi phwete. Bambowo anasiya kudzera kugombe. Kumzikiti anayamba kukhala mzere wakumbuyo, kofia ataiwongola bwinobwino ngati ya mlendo.

Mudathir zinamudya mumtima. Tsiku lina ndinamupeza akupaka penti yoyera pa kofia ya mbalameyo. Kunali kuchedwa, chifukwa pa makatoni onse kofiayo inalipo, ena atachita kuikulitsa. Ine ndinamuuza pamaso kuti wachita zauchitsiru, kuseketsa mudzi ndi chisoni cha m'bale wake. Kuyambira pamenepo ankazungulira kuminda ya chinangwa, kuopa kukumana ndi mkulu wake panjira.

Lachisanu lina titatuluka ku swala kumzikiti, a Jafari anabwera okha pansi pa mtengo wa mango pomwe Mudathir amagwirira ntchito.

"Mudathir, tatulutsa jogo yako ija, masewera a mbalame aja," anatero a Jafari. "Ndamva kuti inenso ndilimo."

"Achimwene, ndi zachibwana chabe zimenezo. Ine sindinkati..."

"Tulutsa."

Mudathir anabweretsa thabwalo naliika pansi, ife titaima chapatali. A Jafari njere sanazikhudze. Anangotola kachitsekerero n'kukaika pa nantchengwa okha. Anayang'ana nthawi yaitali, kofia ikuonekerabe pansi pa penti yoyera ija.

"Kofia unaijambula bwino," anatero mofatsa. "Lata nalonso ndi langa ndithu. Koma mbalameyi sunaiyang'anitsitse, mng'ono wanga. Unamuonapo nantchengwa akumanga yekha? Amamanga awiri, wina akubweretsa, mnzake akulandira. Nanga wachiwiriyo wamusiya kuti?"

Misozi ya Mudathir inagwera pathabwa, ndipo kunena zoona inenso ndinayang'ana kumbali. A Jafari anadzuka, napendeketsa kofia yawo kumanzere monga kale, n'kumapita kudzera kugombe komwe kuja.

Masiku ano lamulo la nantchengwa linasintha. Wogwera pamenepo amatuluka mnzake akangofika pa kachipinda komweko, n'kupitira limodzi. Osewera ena amadandaula kuti masewera anafewa, Mudathir sawamvera. M'mawa mukamufuna mukamupeza kwa mkulu wake akuponda dothi, ndipo khoma lija linadutsa mawindo. Awiriwa salankhulana zambiri, amangopatsirana njerwa.

Koma pathabwa paja nantchengwa akadali yekha. Ndinamufunsa Mudathir chifukwa chake sajambulapo wachiwiri, poti malo alipo ndipo penti sasowa. Anati wayesapo kangapo, koma akangofika pa maso, mbalameyo imatuluka ikumuyang'ana ngati a Somoe, ndiye burashi amangoiika pansi.