Masamba a Maliro pa Msewu wa ku Masafi

Munthu akandifunsa kuti a Lameck ndi otani, ndimati ndi munthu wabwino koma wotopetsa. Kwawo ndi ku Lizulu. Asanabwere ku Dubai ankayendetsa minibasi pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu, ndipo kuno anapeza ntchito yozungulitsa alendo m'chipululu. Korona itavuta alendo anatha, kampani nkuwasamutsira ku Al Quoz kukanyamula makatoni. Makatoni safunsa mafunso, ndiye nkhani zonse za malo okaona zinangowadzadza m'mimba, kudikira wozimva. Tsoka linagwera ife.

Ine ndine Rosta, namwino, ndimakhala ku International City m'chipinda chimodzi ndi anzanga a ku Philippines. Mu Januwale 2021 mnzanga wa kutchalitchi, Emeldah, amene amalera ana a madam wina ku Mirdif, anamva kuti mayi ake atisiya ku Dedza. Maliro a korona sagonetsa, anati aika mawa lake, Lachisanu. Mchimwene wake analonjeza kuonetsa zonse pa Zoom. Emeldah ankangofuna chinthu chimodzi: malo oti alire mayi ake mokweza ngati mmene timalirira kwathu, akuona bokosi likutsika. Kwa madam kunali kosatheka, ati ana achita mantha. Kwanga anzanga amagona masana akagwira ntchito usiku. Kusonkhana m'nyumba kunali koletsedwa.

“Achemwali musadandaule,” anatero a Lameck. “Chipululu ndimachidziwa ngati kuchipinda kwanga. Kumeneko mulira mpaka mawu athe.”

Tinanyamuka m'mawa tili atatu, a Lameck akuyendetsa galimoto, masiki kukamwa, Emeldah atakhala kumbuyo foni ili m'manja. Malo oyamba anali Al Madam, mudzi umene eni ake anausiya mchenga nkulowa m'nyumba mpaka m'mawindo. A Lameck anayamba kufotokoza tili kutali: kuti ena amati kuli ziwanda, kuti kamzikiti kake kadakalipo. Tikufika, ee, Dubai yense ali pomwepo! Anthu osowa kopita chifukwa cha kuvuta kwa maulendo a pandege anadzaza mudziwo, ena akuwotcha nyama, anyamata akuthamangitsa njinga zamoto pamchenga. Emeldah atangotsika, mayi wina anamupatsa foni kuti amujambule ndi ana ake. Ndipo anamujambuladi, mwana wa masiye wa tsiku limodzi.

Tinapitirira cha ku Maliha. A Lameck anakhotera m'kanjira ka mchenga mpaka tinafika kopanda munthu, ngamila zokha zikutiyang'ana. Malo abwino zedi. Emeldah anayala chitenje, kuona pafoni, netiweki palibe. Ndinakwera pachulu cha mchenga foni nditaikweza m'mwamba ngati wamisala, koma ayi ndithu.

“Ngamila izi zimatha sabata osamwa madzi,” anatero a Lameck.

“A Lameck, ndani wakufunsani za ngamila?” ndinawakalipira.

Ku Al Dhaid anaima kuti agule tiyi wa karaki, ati munthu wa maliro sakhala ndi njala. Ndinapsa mtima, koma tiyiyo ndinamwa. Tikuyandikira ku Masafi, pamene pali msika wa m'mbali mwa msewu, mkulu uja anachepetsanso liwiro. Makapeti atapachikidwa, miphika yadothi, mavwende, chimanga chowotcha.

“Taonani, si pa Lizulu penipeni apa? Kungosowa kabichi ndi...”

Pomwepo foni inalira. Tinamva amayi a Chigwirizano akuimba, chithunzi chikuonetsa mapazi a anthu m'matope. Anali atanyamuka kale kupita kumanda.

“Yalla, fulumirani a Lameck! Kulikonse, imani kulikonse!” ndinakuwa.

Anakhotera mumsewu waung'ono wodutsa m'mbali mwa munda wa kanjedza. Netiweki yodzadza, anthu palibe. Emeldah anakhala pansi, kuvula nsapato, foni nkuiyedzamiritsa pamwala. Abusa anali akupemphera. Ndinaona chifuwa chake chikukwera, kulira kuja kukubwera kuchokera pansi penipeni.

Kenako panadutsa pikapu ili paliwiro, nyimbo pamwamba, fumbi lonse pa ife. Inadutsanso ina. A Lameck zinawapweteka kwambiri. Zaka zonse ankayendetsa minibasi sanadutsepo pamaliro chothamanga. Kwathu woyendetsa akaona masamba pamsewu amadziwa kuti pali zovuta, amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Ndiye anapita pamtengo wina umene unatulukira kunja kwa mpanda, kuthyola nthambi zobiriwira, kuziyala pamsewu uku ndi uku. Ine ndinawaona, ndipo ndinati mumtima, koma lero mkuluyu waganiza bwino.

Galimoto yotsatira inaima mwadzidzidzi. Mwini wake kuona nthambi, kuona mayi ali pansi wopanda nsapato, anati ngozi. Inaimanso ina, ndi ina. Wina akubwera ndi botolo la madzi, wina akufunsa kuti wagunda ndani, wina waimba kale foni kupolisi. Mlonda wa mundawo anatuluka akukuwa za mtengo wa abwana ake. A Lameck pakati, akufotokoza mwambo wa ku Ntcheu m'Chingerezi chosakaniza ndi Chihindi. Emeldah anameza kulira kuja. Munthu sulira mayi ako anthu osawadziwa akukufunsa ngati wathyoka mwendo.

Wapolisi atafika anatiuza tonse tibwezere masiki, kenako anafuna ziphaso. Cha Emeldah chenicheni amasunga ndi madam, iye anali ndi chithunzi chake chabe m'foni. Anatuluka mu Zoom kuti achifufuze, zithunzi za ana a madam zikungobwera. Ndinamupempha wapolisiyo kuti atidikire pang'ono, koma mlonda uja anali asanamalize mlandu wa mtengo. Pomaliza wapolisi anamvetsa. Anagwira pachifuwa, kupepesa Emeldah mwaulemu, nkuuza a Lameck kuti achotse nthambizo, khalas, nkhani yatha, aliyense azipita.

Zoom inavuta kulowanso. Italowa, tinaona mtumbira wa dothi lofiira, nkhata zili pamwamba, ndi misana ya anthu akubwerera kumudzi. Mchimwene wake anatembenuzira foni kunkhope kwake.

“Achemwali, munapita kuti? Anakuitanani dzina poika nkhata, tonse tinakhala chete kudikira mawu anu. Mapeto ake yanu aika ndi alamu anu.”

Magalimoto onse anali atapita. Msewu unali zii, netiweki yodzadza, a Lameck ataima poteropo nthambi zili m'manja.

“Lira tsopano, Emeldah,” ndinatero. “Palibe munthu.”

Anadzuka, kukung'untha chitenje, kuvala nsapato.

“Ndilirira chiyani dothi? Tiyeni a Lameck, madam anati ndifike ana asanadye.”