Agulugufe a Mkamwini

Amuna anga ankagwira ntchito ku esiteti, yoyendera minda ya tiyi kufufuza tizilombo toboola masamba. Akatipeza ankauza akapitawo kuti athire mankhwala. Ntchitoyo inawazoloweretsa kusuzumira pansi pa tsamba lililonse, ndipo sankasiya ngakhale ataweruka.

Chimene anakonda kwambiri ndi agulugufe. Anasoka thumba la masikito akale n'kulimangirira ku waya ndi nsungwi. Loweruka masana, anzawo akamapita kukaonera mpira, iwo ankakwera phiri la Thyolo, kumene kunali kutatsala kankhalango. Akabwerako ankatambasula mapiko a agulugufewo, kuwabaya ndi mapini m'mabokosi amene anakhoma okha, n'kuvundikira ndi galasi. M'nyumba mwathu munkanunkha mankhwala a njenjete, mpaka zovala za kutchalitchi.

Ine sindinkawakonda, koma ndinazolowera. Panali mmodzi wobiriwira, wa mapiko okhala ndi timichira, amene ankandionetsa kawirikawiri.

"Uyu sapezekanso, mayi," ankatero. "Mtengo umene ankaikirapo mazira anaudula. Pamenepo pali chimanga tsopano."

Vuto linali lakuti anali mkamwini. Kwawo kunali ku Masambanjati, ndipo tinkakhala pamudzi pa amayi anga, m'mphepete mwa esiteti. Mkamwini amene sapezeka pa bawo kapena pa mowa, n'kumakwera phiri yekha kunja kuli chiperoni, anthu sangaleke kumukamba.

Chaka china mwana wa mchemwali wanga anadwala. Anayamba ndi kutentha thupi, kenaka kukomoka. Anamugoneka kuchipatala ku Boma, ndipo anamwalira komweko. Maliro atatha, amalume anabwera kwathu m'mawa, amuna anga asananyamuke. Ndinawapatsa mpando, anakana.

"Akamwini, tulutsani mabokosi aja."

"Ndi agulugufe chabe, amalume. Lowani muone."

"Tinaona kale. Munthu wabwinobwino sabaya zamoyo n'kumazisunga kuchipinda. Mwana uja ankalira kuti china chikumubaya pamtima."

Ndinalowererapo. Ndinati adokotala ananena kuti anali malungo aakulu, ndipo ponenapo ine ndinali pomwepo. Mchemwali wanga anali ataima kumbuyo kwa amalume, maso ali psuu, mpango wa pamaliro udakali kumutu. Anandiyang'ana, nalankhula motsitsa mawu.

"Iwe ako onse ali moyo."

Ameneyu ndi munthu amene anandibereka kumsana ndili wakhanda.

Amuna anga analowa m'nyumba natulutsa mabokosiwo okha, limodzilimodzi. Anangopempha kuti ayambe achotsa magalasi, kuopa kuti ana angadzacheke mapazi posewera paphulusa. Amalume analola. Anaunjika mabokosiwo kuseri kwa nthochi, nathira palafini. Mapiko sanachedwe kupsa, matabwa ndiwo anatenga nthawi. Amuna anga sanadikire kuti moto uthe. Anavala magambuti awo n'kumapita ku ntchito.

Sanawathamangitse pamudzi. Patapita miyezi amalume anayambanso kuwapatsa moni, ngati palibe chinachitika. Koma ana otsala a mchemwali wanga analeka kudya kwathu, ndipo akaona amuna anga akubwera panjira ankapatukira m'tiyi. Zimenezi ndi zimene zinkawapweteka koposa, chifukwa anawo ankawakonda, ankawakonzera magalimoto a mawaya.

Kuphiri sanakwerenso. Loweruka ankangokhala pakhonde, wailesi ili pamwendo. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Bwanji muyambenso? Tizikasunga kwanu ku Masambanjati."

"Ndikagwire chiyani?" anandifunsa. "Ambiri mwa aja ndinawagwira pamene pali minda lero."

Atapuma pa ntchito anadwala nthawi yaitali, ndipo tinawaika kwawo. Mchemwali wanga anabwera ku malirowo, anatunga madzi, anaphika limodzi ndi amayi ena, anagona pambali panga pamphasa. Za mabokosi aja sitinakambepo mpaka lero. Timakumana kutchalitchi, timafunsana za miyendo yathu yotupa ndi za zidzukulu, kenaka aliyense amalowera kwake.