Kanthambi ka Ulusi Wofiira

Mayi Godelieve Vermeiren anabadwa pa 3 Febuluwale 1931 m'kamudzi kena ka ku Flanders, kuseri kwa shopu ya buledi ya bambo awo. Limba anaphunzira kwa masisitere. Pa 10 Epulo 1949, Lamulungu la Kanjedza, anakhala koyamba pa limba lopopa ndi mapazi mu holo ya parishi kuti aimbire kanema wa moyo wa Yesu.

Kanemayo anali wakalekale, wopanda mawu, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo filimu yake inali yokulungidwa pa magudumu atatu. Woyendetsa makina anali a Firmin, okonza njinga, amenenso ankawerenga mokweza mawu olembedwa pakati pa zithunzi. Mawuwo anali a Chifalansa, koma a Firmin ankangowamasulira m'kalankhulidwe ka pamudzi, mmene zawagwirira tsikulo. Chaka china Petulo anadandaula kuti nsomba zathawa chisanu. Chaka chinanso Pilato anapempha sopo.

Awiriwa anadziwana pokangana.

"Inu a makina, mukuthamangira kuti? Bulu wafika kale pa chipata, ine nyimbo ndili pakati."

"Popani mwachangu, chemwali. Buluyo ali ndi njala."

Anakwatirana pa 16 Meyi 1953, ndipo mkanganowo anapita nawo kunyumba.

Mudzi wonse unkamudziwa kanemayu ngati njira ya kuchitsime. Yudasi akatambasula dzanja kuti alandire kathumba, mayi Leontien, oyandikana nyumba ndi a Godelieve, ankamuchenjeza chaka ndi chaka: "Usalandire, mwana iwe, udzalira." Gudumu likatha ankayatsa magetsi, anthu n'kumwa khofi ndi buledi wa mphesa zouma pamene a Firmin akumangirira lina. Pofika pa mtanda, a Godelieve ankachotsa manja pa limba. Mu holo munkangomveka makina kulira, basi.

Mu 1987 kunabwera wansembe watsopano, Bambo Wouter, wachinyamata wokulira mu mzinda wa Antwerp. Anabwera ndi tepi ya kanema wina wa Yesu, wamitundu ndiponso wolankhula, ndipo anati wakaleyo apume. Kanema wolankhula safuna limba. Aliyense anadziwa kuti wopuma weniweni ndi a Godelieve, omwe anali atakhala pa mpando wa limba zaka 38 osajomba.

Bambo Wouter sanafune kukakamiza anthu. Analengeza kuti pa Lamulungu la Kanjedza aonetsa makanema onse awiri, ndipo anthu asankhe okha mwachinsinsi. Kuseri kwa katani adzaikako madengu awiri, aliyense akaponye kanthambi kake kodalitsidwa m'dengu la kanema amene wamukonda. Anthu anayang'anana, koma palibe anatsutsa wansembe.

M'mawa wa pa 12 Epulo, a Godelieve anathyola kanthambi ka chitsamba cha mpanda wawo, kamene kwawoko amanyamula m'malo mwa kanjedza, n'kumangapo ulusi wofiira monga ankachitira mayi awo. Mfundoyo anaimasula n'kuimanganso katatu.

"Mukuopa chiyani, mayi?" anafunsa a Firmin. "Akakuchotsani mudzandithandiza kupopa matayala. Miyendo ndi yozolowera kale."

"Inu mukachotsedwa, Pilato apuma. Mwamunamizira zambiri munthu uja."

Madzulo anayamba ndi kanema wakale. A Godelieve anaimba ngati akutsanzikana ndi limbalo, ndipo bulu anafika pa chipata pa nthawi yake. Kenako Bambo Wouter anaika tepi yawo n'kupempha kuti pasakhale kulankhula.

Yesu wa kanema watsopanoyo ankalankhula chilankhulo chachilendo, tanthauzo likudutsa m'munsi m'zilembo zazing'ono. Okalamba asanamalize mzere, wina wabwera kale. Panalibe gudumu losintha, choncho panalibenso khofi. Yudasi atatambasula dzanja, mayi Leontien anatsegula pakamwa, koma wansembe anaika chala pa milomo. Yudasi analandira kathumba popanda womuletsa, ndipo mayi Leontien anakhala ndwii ngati mlanduwo ndi wawo.

A Godelieve anakhala atapinda manja, akufunafuna zolakwa. Koma kwa zaka 38 anali asanaonerepo nkhaniyi manja ali chete. Nthawi zonse ankayang'ana chinsalu ndi diso limodzi, lina lili pa zala. Lero anaona fumbi pa mapazi a ophunzira. Anaona Yesu akuseka patebulo, buledi ali m'manja, ngati bambo awo akamaliza kuphika. Anamva mawu a Maria akuitana mwana wake. Magetsi atayaka, kampango kawo kanali katanyowa.

Kuseri kwa katani anaima nthawi yaitali. Dengu la kumanzere linali la kanema wakale, la mpando wawo. Koma kanthambi kodalitsidwa sikonamizira. Anakaponya kumanja, n'kutuluka atawerama.

Bambo Wouter anatulutsa madengu n'kuwerenga pamaso pa onse. Kanema wakale anapeza tinthambi 61, watsopano tiwiri. Wansembeyo anaseka, navomera kuti kamodzi ndi kake, ndipo ananyamula madengu kuti akawaike kumbuyo.

"Abambo, mukupita nato kuti?" anafunsa mayi Leontien. "Kanthambi kodalitsidwa sikagona kwa eni. Kakuyenera kukapachikidwa kuseri kwa mtanda kunyumba mpaka chaka chamawa. N'chifukwa chake aliyense amaikapo chizindikiro."

Apa m'pamene wansembe wa mumzindayo anazindikira chifukwa chomwe anthu anayang'anirana tsiku lija. Chinsinsi chake chinali cha mphindi khumi zokha.

Anthu anaunjikana pa dengu lodzaza, uyu kufuna ka riboni yobiriwira, uyu kodulidwa kunsonga. A Godelieve anatsala pa mpando. Akanatha kukasiya kanthambiko, koma chibadwire nyumba yawo inali isanagonepo yopanda. Anadzuka, anawongola siketi, n'kuyenda holo yonse mpaka pa dengu lopepukalo. Ulusi wofiira unaonekera ngakhale kwa a mzere wakumbuyo.

Woyamba kulankhula anali a Firmin.

"Anthu 61 akumenyerani nkhondo, mayi, inu mwathawira kwa adani. Leontien, mwana uyu simunamuchenjeze?"

"Anandiletsa kulankhula," anayankha mayi Leontien.

Holo yonse inagwa ndi phwete, wansembe ndi amene anaseka mpaka kutsokomola. A Godelieve anadikira phokoso lizizire.

"Wanu uja ndimamuimbira," anatero. "Uyu ndiye ndamuonera. Koma poti mwanditsekereza, chaka chamawa musachedwe, ndipo a Firmin asiye za sopo."

Tepi ija Bambo Wouter anawapatsa a Godelieve tsiku lomwelo. Anaimbabe limba pa Lamulungu la Kanjedza lililonse mpaka pa 13 Epulo 2003, pamene maondo anakana kupopa. Lolemba lotsatira chikondwererocho, chaka ndi chaka, ankakhala pabalaza pawo masana n'kuonera kanema wawo, manja ali pamiyendo. A Firmin ankakhala pambali, osaloledwa kumasulira, koma khofi ankabweretsa pakatikati, pamalo pomwe gudumu likanathera.