Mayankho a Bizwell Pamaso pa Apongozi

A Bizwell anabadwira ku Nsaru, koma amene akuwadziwa bwino ndi anthu a kuchikamwini kwawo, cha ku Kabudula, kumene akhala zaka makumi awiri ndi ziwiri akulima fodya ndi mtedza pamunda wa akazi awo. Kale anali munthu wapakamwa. Akayamba nkhani pachigayo, mwini chigayo ankazimitsa injini poona kuti yachepa mawu. Kuseka kwawo kunkabalalitsa nkhuku za midzi itatu, ndipo ena amalumbira kuti tsiku lina wansembe ku Nambuma anadukiza ulaliki chifukwa a Bizwell anaseka ali kudimba.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankawatseka pakamwa: apongozi awo aakazi, a Nambewe. Akangomva kutsokomola kwawo kuseri kwa nkhokwe, a Bizwell ankapatuka njira, ngakhale kudzera m'chitedze.

Chaka chatha mwana wawo woyamba, Innocent, amene ankachita kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa ku Kasiya, anawombana ndi lole nafera pomwepo. Chichokereni kumanda, a Bizwell anazima. Fodya anaumira m'munda osathyoledwa. Ankakhala m'chigafa cha fodya chopanda kanthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pansichi. Anaonda mpaka lamba kuzungulira kawiri. Anthu ankangoti ndi mwamuna ameneyu, alimba mtima.

M'nyengo yozizira kunabwera anthu a kafukufuku wa matenda a nkhawa. Kutchalitchi analengeza kuti aliyense wofuna adzafunsidwa mafunso makumi awiri, ndipo opezeka kuti maganizo awalemera kwambiri azikakumana pagulu ndi mlangizi kuchipatala Lachinayi lililonse. A Bizwell sanauze munthu, koma anachapa okha malaya awo a Lamulungu. Gulu limenelo ankalifuna.

Wofunsa mafunso anali mtsikana wa m'tauni, dzina lake Loyce, atanyamula tabuleti. Anawawerengera pepala lonena kuti ali ndi ufulu wokana, ndiponso kuti zonse zimene anene zikhala zachinsinsi. A Bizwell anasaina. Kenako Loyce anapempha malo oduka mphepo, naloza chigafa. Akazi awo a Bizwell anangoseka. Bambo wapabanja n'kukatsekeredwa m'chigafa ndi mtsikana wachilendo, mudzi wonse ukuona? Anatulutsa mpando n'kuuika pakhonde, pamene mlendo amakhala.

Posakhalitsa a Nambewe anafika kudzalonjera mlendo. Atatha malonje sanapite. Anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, monga amachitira apongozi aulemu, nayamba kusenda mtedza. Loyce anawapempha mwaulemu kuti asunthe. Anasunthadi, mapazi awiri.

"Funsani, mwanawe," anatero. "Ife makutu anatha kalekale."

Makutu ake ati? Omwe amamva nthata ikuyetsemula ku Mchinji. Koma Loyce anaona mpanda, naganiza kuti chinsinsi chakwanira.

Anafunsa ngati mutu umawapweteka kawirikawiri. A Bizwell anavomera, poti mutu suchititsa munthu manyazi. Anafunsa ngati chilakolako cha chakudya chinachepa. Munthu unganene zimenezo mayi wa wophika ali pomwepo? Anati amadya bwino. Za tulo anati amagona ngati mwala, chifukwa kunena kuti sagona kukanakhala kuulula kuti m'nyumba ya mwana wa eni mudzi mulibe mtendere. Kulira anakana. Loyce atafunsa ngati amadziona ngati munthu wopanda phindu, a Bizwell anayang'ana munda wa fodya wouma uja. Mkamwini wovomera zimenezo pamalo a eni ndiye kuti wadzimangira yekha katundu. Anati ayi.

Lina mwa mafunso omalizira linali lakuti ngati anaganizapo zochotsa moyo wawo. Kuseri kwa mpanda makoko a mtedza anasiya kulira.

"Ayi, zikomo," anatero a Bizwell.

Patapita milungu iwiri maina a olowa m'gulu anatuluka. La a Bizwell panalibe. M'manambala a kafukufuku, kuchokera ku Mpingu mpaka kumtsinje wa Bua kunalibe mwamuna wokondwa kuposa iwo.

Anapirira Malachinayi awiri. Pa Lachinayi lachitatu anauza akazi awo kuti akukafuna mbewu ya tomato, nayenda wapansi mpaka kuchipatala. Pansi pa mtengo wa mango panali anthu khumi ndi awiri atakhala mozungulira, ena akupukuta misozi. A Bizwell anamupeza Loyce m'kachipinda kosungiramo mafaelo, ndipo anamupempha kuti awafunsenso, poti tsiku lija lilime linaterereka.

Loyce anafotokoza mosamala. Wolowa m'gulu anayenera kuvomera mafunso asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Iwo anavomera limodzi lokha. Mayankho anatumizidwa kale ku Lilongwe ndipo maina anatsekedwa. Akati azifunsanso aliyense wobwera kudzadandaula, manambala asokonekera, ndipo pamapeto sipadzadziwika ngati gululo limathandizadi anthu kapena ayi.

"Ndiye manambalawo akuti ndili bwino, eti?"

Loyce anawayang'ana, kenako anadzuka n'kutseka chitseko. Tabuleti sanaigwire n'komwe.

"Bambo, funso la moyo wanu lija. Munandiyankha zoona?"

"Ayi," anatero a Bizwell, maso ali pansi. "Maganizo amenewo amabwera. Chiyambire maliro aja."

Loyce anati m'gulu sangathe kuwalowetsa, koma lamulo la kafukufuku silimulolanso kusiya munthu wotere apite yekha. Anaimba foni kwa akuluakulu ake, kenako kwa namwino wa matenda a maganizo. Namwinoyo amabwera pachipatalapo kamodzi pamwezi, ndipo anali atabwera dzana. Loyce analemba kalata yoti akaonedwe m'tauni mawa lake, napempha kuti atchule wachibale woti awaperekeze ndi kumawayang'anira.

A Bizwell anaganiza za akazi awo, koma anadziwa kuti mawu olowa m'khutu la mwana amakagona kwa mayi ake. Anatchula mng'ono wawo Tobias wa ku Nsaru, amene anaonana naye komaliza pamaliro. Atamuimbira foni, Tobias anati akubwera, angopeza kaye njinga.

Anakhala pabenchi panja, kalata ili m'thumba la malaya, Loyce akuwasuzumira pazenera. Gulu lija litabalalika, mayi wina wa m'mudzi mwawo anawaona nawafunsa chimene chawabweretsa kuchipatala.

"Timalungo," anatero a Bizwell.

Mayiyo anawapepesa napita, iwo n'kutsala akuyang'ana msewu wa ku Nsaru.